Sukulu m'mawa, madrasa masana: nzeru ziwirizi zikumane

M'matauni ang'onoang'ono monga Namwera, Ntaja, Liwonde, Ulongwe, Salima ndi Nkhotakota, tsiku la mwana wa Chisilamu limagawika pawiri. M'mawa amavala yunifolomu n'kupita kusukulu komwe amaphunzira masamu, Chingerezi ndi sayansi. Akaweruka n'kudya nsima, amavala chisoti kapena hijabu n'kulowera kumadrasa komwe mwalimu amamuphunzitsa kuwerenga Qur'an, kuswali komanso khalidwe loyenera.

Makolo ambiri amakondwa nalo dongosololi, ndipo m'pomveka. Komatu pali vuto limodzi lomwe silikambidwa kawirikawiri: zomwe mwanayu amamva m'mawa ndi zomwe amamva masana sizikumana paliponse.

Mphunzitsi wa sayansi sanenapo kanthu za chilungamo kapena chifundo kaamba koti akuthamangira kumaliza silabasi mayeso a Maneb asanafike. Naye mwalimu sakhudzako za tizilombo toyambitsa matenda kapena kayendedwe ka mwezi, mwina poti iyeyo sadapite patali ndi sukulu, mwinanso poganiza kuti zimenezo ndi za dziko chabe.

Mapeto ake mwana amakula ndi maganizo oti nzeru zilipo za mitundu iwiri, zina zopezera ntchito pomwe zina n'zokonzera moyo ulinkudza, ndipo kuti ziwirizi sizidyera mbale imodzi. Maganizo oterewa ndi olakwika, ndipo akupweteketsa mbali zonse ziwiri. Sukulu ikutulutsa anthu odziwa zinthu koma osadalirika, pomwe madrasa ikutulutsa anthu odalirika koma osavuta kuwanamiza pankhani za chipatala ndi ulimi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 14 ndi Asilamu, kutanthauza anthu oposa 2 miliyoni. M'maboma a Mangochi ndi Machinga ndiwo ali ochuluka. Zomwe ana awo akuphunzira lero ndizo zidzaoneke m'zipatala, m'misika ndi m'minda ya maderawa zaka 20 zikudzazi.

Mpatukowu udachokera kuti?

Chisilamu chidakhazikika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a Chiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota, komanso mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda. Mashehe monga Abdallah Mkwanda ndi Thabit Ngaunje adaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu. Choncho si zoona kuti Asilamu ankadana ndi maphunziro.

Chomwe chidavuta n'chakuti m'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zidali m'manja mwa amishoni. Boma lidadzakhazikitsa nthambi yake yoona zamaphunziro mu 1926, koma sukulu zidapitirira kuyendetsedwa ndi mipingo. Kholo la Chisilamu linkaopa kuti mwana akapita kumeneko akabatizidwa, akasintha dzina ndi kusiya chipembedzo cha makolo ake. Ambiri adasankha kusunga ana pakhomo.

Mantha amenewo adali ndi maziko ake, koma mtengo wake udali wowawa. Pomwe dziko lino linkalandira ufulu mu 1964, madera a Asilamu adali m'mbuyo kwambiri pa chiwerengero cha aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki. Maphunziro aulere a kupulaimale omwe adayamba mu 1994 adatsegula makomo, ndipo mabungwe monga Islamic Zakaat Fund akhala akulipirira ana fizi. Ngakhale mkangano wa hijabu womwe udabuka ku Mmanga m'boma la Balaka mu 2019 udapezeredwa njira pomwe atsogoleri a zipembedzo, kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, adasainirana mgwirizano mu 2021.

Khomo la sukulu tsono ndi lotsegula. Chomwe chatsala ndi khoma la m'maganizo, lija lonena kuti sayansi ndi ya azungu ndipo ilibe gawo m'chipembedzo.

Sikelo ndi dzanja loigwira

Aliyense wogulitsa nandolo, soya kapena chimanga pamsika amadziwa kuti kilogalamu ndi kilogalamu. Sikelo siifunsa ngati mwini thumba ndi Msilamu, Mkhristu kapena wa chipembedzo cha makolo. Koma alimi omwewo amadziwanso kuti venda wopanda chikumbumtima amatha kuipotokola sikeloyo kuti thumba la makilogalamu 50 lionetse 45. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera ndi kudinda masikelo.

Sayansi ili chimodzimodzi. Madzi amawira pa mlingo umodzi wa kutentha kaya mphika wateleka ndani. Udzudzu wa malungo umaluma shehe ndi m'busa mofanana. Pamenepa palibe sayansi ya Chisilamu kapena ya Chikhristu.

Koma sayansi siidzichita yokha, amaichita ndi anthu. Munthu ndiye amasankha chofufuza, amasankha woti ayesedwepo mankhwala, amasankha kunena zoona kapena kubisa zotsatira zikakhala kuti sizikumukomera, ndipo amasankha yemwe apindule. Pa mphambano zonsezi chomwe chimalamulira si makina oyezera ayi, koma khalidwe la munthuyo.

Chitsanzo chili m'thumba la feteleza lomwe banja lililonse limalira chaka ndi chaka. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, adapeza njira yotengera nayitirojeni mumpweya n'kupanga amoniya. Feteleza wa Urea amachokera pamenepo, ndipo popanda njira imeneyi dziko lapansi silikadatha kudyetsa anthu onse omwe alipo lero.

Haber yemweyo ndiye adatsogolera ntchito yophera asilikali ndi mpweya wa poizoni ku Ypres m'dziko la Belgium mu April 1915, pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Mutu udali womwewo, nzeru zomwezo, labotale yofanana. Masamu ake adali olondola konsekonse. Chomwe masamuwo sakadatha kumuuza n'chakuti ntchito inayo idali yoipa.

Ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira mu 1932 mpaka 1972, madokotala a boma adatsatira amuna akuda 600, mwa iwo 399 odwala chindoko, pofuna kuona momwe matendawa amawonongera thupi akapanda kuchizidwa. Amunawo sadauzidwe zoona za matenda awo. Mankhwala a penisilini atapezeka m'zaka za m'ma 1940, sadawapatse. Mtsogoleri wa dzikolo, Bill Clinton, adadzapepesa mu 1997, ambiri mwa iwo atamwalira kale. Madokotala aja sadali mbuli. Chidasowa ndi umunthu.

Phunziro la ku Kano

Nkhani yomwe ikuonetsa bwino mbali zonse ziwiri za vutoli idachitika kumpoto kwa Nigeria, dera lomwe anthu ambiri ndi Asilamu.

Mu 1996 mumzinda wa Kano mudagwa mliri wa matenda oumitsa khosi. Kampani ya Pfizer idachita kafukufuku wa mankhwala atsopano otchedwa Trovan pa ana pafupifupi 200, ena kuwapatsa mankhwala atsopanowo, ena mankhwala akale. Ana 11 adamwalira. Makolo adadandaula kuti sadafotokozeredwe bwino kuti ana awo ali pa kafukufuku. Kampaniyo idakana kulakwa ponena kuti anawo adafa ndi matenda, koma mu 2009 idagwirizana ndi boma la Kano kupereka ndalama zokwana 75 miliyoni za America.

Chikhulupiriro chikasweka chili ngati madzi, akatayika saoleka. Mu 2003 mphekesera idawanda kuti katemera wa poliyo ali ndi mankhwala oumitsa atsikana kuti asadzabereke. Atsogoleri ena a chipembedzo ndi andale adaikhulupirira, ndipo zigawo zingapo za kumpotoko, kuphatikizapo Kano, zidaimitsa katemerayo. Mphekeserayo idali yabodza. Poliyo adabuka mwamphamvu n'kufalikira kumaiko pafupifupi 20 omwe adali atathana naye kale, mpaka kukafika ku Yemen ndi Indonesia. Ana ambirimbiri adalumala moyo wawo wonse.

Kano adayambiranso katemera mu 2004, akatswiri atayeza mankhwalawo ndipo katemera wina atagulidwa kuchokera ku Indonesia, dziko lomwe lili ndi Asilamu ambiri. M'zaka zotsatira, mafumu ndi mashehe a kumpotoko adakhala patsogolo kulimbikitsa makolo. Mu August 2020 Africa yonse idalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wa m'chilengedwe.

Ku Pakistan nako chikhulupiriro chidawonongeka mu 2011 zitaululika kuti akazitape a America adagwiritsa ntchito kampeni yabodza ya katemera posakasaka Osama bin Laden mumzinda wa Abbottabad. M'zaka zotsatira zigawenga zidapha anthu ambiri opereka katemera, ndipo poliyo adapitirira kukhala m'dzikolo.

Wina angafunse kuti zakutalizi zikukhudza bwanji banja la ku Ntaja? Mu February 2022 boma la Malawi lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe walumala ndi poliyo wa m'chilengedwe, koyamba chichokereni 1992. Akatswiri atayeza kachilomboko adapeza kuti gwero lake ndi ku Pakistan. Ana mamiliyoni m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nalo adayenera kulandiranso katemera.

Apa zikuoneka kuti wasayansi wopanda chilungamo ndi mtsogoleri wa chipembedzo wosadziwa sayansi, ngakhale sadziwana, amathandizana kulumalitsa mwana yemweyo.

Akale sankagawa pawiri

Mwana wa kumadrasa akamauzidwa kuti sayansi ndi yachilendo, amakhala akumanidwa chuma cha makolo ake m'chipembedzo.

Cha m'ma 820, mumzinda wa Baghdad, Muhammad al-Khwarizmi adalemba buku lomwe lidabala masamu a algebra, omwe lero amazunguza ana a Fomu 1. Gawo lalikulu la bukulo likunena za kagawidwe ka chuma cha masiye motsata malamulo a Chisilamu. Masamuwo adali chida choonetsetsa kuti mayi wamasiye ndi mwana wamasiye asaberedwe.

Kufunika kodziwa mbali yomwe kuli Makkah poswali kudachititsa akatswiri monga al-Biruni kuphunzira za maonekedwe a dziko mpaka kuyeza kukula kwake. Ibn al-Shatir, yemwe adamwalira mu 1375, ntchito yake idali yosunga nthawi za swala pamzikiti waukulu wa ku Damascus, koma masamu ake a kayendedwe ka mwezi ndi ofanana ndi omwe Copernicus adadzagwiritsa ntchito ku Ulaya patapita zaka zoposa 100.

Ibn al-Nafis wa ku Cairo adali dokotala komanso katswiri wa malamulo a Chisilamu. M'zaka za m'ma 1200 adafotokoza kuti magazi amachoka mbali imodzi ya mtima, n'kudzera m'mapapo, asanafike mbali inayo. Pakutero adatsutsa Galen, Mgiriki yemwe madokotala adamukhulupirira kwa zaka 1 000, komanso Ibn Sina, Msilamu mnzake wotchuka. Ulemu kwa akuluakulu sudamuletse kunena zomwe adaona kuti n'zoona.

Ibn al-Haytham, yemwe adamwalira cha m'ma 1040, adaonetsa poyesa mobwerezabwereza kuti munthu amaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso, osati kutuluka m'diso. Iye adaphunzitsa kuti wofunafuna choonadi asamangomeza zolemba za akale, ndipo adzikayikirenso iye mwini kuti angakondere. Kudzichepetsa kotereku ndiko mtima wa sayansi mpaka lero.

Akalewa ankadziwanso kuti nzeru imafuna mlonda. Mu 931, wodwala wina atafa kaamba ka kulakwitsa kwa sing'anga, mtsogoleri wa ku Baghdad, al-Muqtadir, adalamula kuti madokotala onse ayesedwe mayeso asanaloledwe kugwira ntchito. Mu 1121 al-Khazini adamaliza buku lonena za sikelo yapamwamba yomwe inkatha kuzindikira golide weniweni ndi wosakaniza. Qur'an yomwe ili ndi sura yathunthu, ya nambala 83, yomwe dzina lake likuchokera pa anthu obera anzawo pa miyeso. Kuyeza molungama pamsika ndi kuyeza molungama mulabotale ndi khalidwe limodzi.

Ndi bwino kukumbukiranso kuti ntchitoyi sadaigwire okha. Manambala adawatenga ku India, mabuku a zachipatala kwa Agiriki, ndipo mmodzi mwa akatswiri omasulira mabukuwo ku Baghdad, Hunayn ibn Ishaq, adali Mkhristu. Sankafunsa kuti nzeru yachokera kwa yani, ankafunsa ngati ili yoona.

Imam al-Ghazali, yemwe adamwalira mu 1111 ndipo mabuku ake amalemekezedwa m'madrasa ambiri, adaika udokotala ndi masamu m'gulu la fardh kifaya. Uwu ndi udindo womwe uli pamutu pa mudzi wonse: ena akaugwira onse apepukidwa, koma akapanda kupezeka ndi mmodzi yemwe, onse ali ndi mlandu. Potengera chiphunzitso chimenechi, dera la Asilamu lomwe silikutulutsa namwino kapena dokotala lalephera udindo wa chipembedzo, osati wa dziko wokha.

Malire ake ali pati?

Funso la ubale wa sayansi ndi chipembedzo lidakambidwa kwambiri pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wa maphunziro a Chisilamu womwe udachitikira ku Makkah mu 1977. Nthumwi zidadandaula ndi vuto lomweli, la ana ophunzira m'sukulu za mitundu iwiri zosalankhulana.

Syed Muhammad Naquib al-Attas wa ku Malaysia adaphunzitsa kuti cholinga cha maphunziro n'kuumba munthu wabwino, wodziwa kuika chinthu chilichonse pamalo pake, osati kungodzaza mutu. Ismail al-Faruqi adatulutsa buku mu 1982 lolimbikitsa kuti maphunziro amakono aunikidwenso ndi diso la Chisilamu. Sukulu zaukachenjede monga International Islamic University Malaysia, yomwe idatsegulidwa mu 1983, ndi Islamic University in Uganda ya ku Mbale, ya mu 1988, zidabadwa m'nyengo ya maganizo amenewa.

Si onse adagwirizana nazo. Katswiri wa sayansi wa ku Pakistan, Pervez Hoodbhoy, adalemba buku mu 1991 lochenjeza kuti kufuna kupanga sayansi ya chipembedzo chimodzi kumathera m'zinthu zopanda umboni. Chenjezo limeneli lili ndi nzeru, ndipo makolo ndi amwalimu asalitaye.

Chipembedzo chili ndi ufulu wonse wofunsa kuti: kodi kafukufukuyu akuthandiza osauka? Kodi wodwalayu wauzidwa zoona? Kodi fakitaleyi siikuthira poizoni m'nyanja? Koma chilibe mphamvu yosintha zotsatira za kuyeza. Magazi akaonetsa kachilombo ka HIV, pemphero la shehe kapena la m'busa silisintha zomwe makina aona, ndipo wouza wodwala kuti asiye ma ARV akusewera ndi moyo wa munthu.

Al-Ghazali yemwe uja adachenjeza kuti munthu wotsutsa masamu a kadamsana poganiza kuti akuteteza chipembedzo ndiye akuchinyozetsa, pakuti odziwa masamuwo sadzakayika masamu awo, adzakayika chipembedzocho. Mabuku a hadith amasimbanso kuti tsiku lomwe mwana wa Mtumiki Muhammad, Ibrahim, adamwalira kudachita kadamsana, ndipo anthu atayamba kunena kuti dzuwa ladetsedwa ndi malirowo, Mtumikiyo adawakonza kuti zakumwambazo sizichitika kaamba ka imfa ya munthu. Adakana bodza ngakhale lidali lomukweza iye mwini.

Palinso chizolowezi chomwe chafala pa mafoni masiku ano, chotenga chilichonse chomwe asayansi atulukira n'kunena kuti chidalembedwa kale m'buku loyera. Ochita izi amakhala ndi cholinga chabwino, koma akumanga nyumba pamchenga. Sayansi imasintha umboni watsopano ukapezeka. Nanga chikhulupiriro cha mwana chikamangidwa pa mfundo yomwe mawa isinthe, chidzatsamira pati?

Ena ali ndi mafunso

Alipo omwe anganene kuti khalidwe labwino si la Asilamu okha. Akunena zoona. Mkhristu, Mhindu ngakhale munthu wosapemphera atha kukhala wasayansi wachilungamo, ndipo mawu oti umunthu adalipo kuno mzikiti ndi tchalitchi zisanamangidwe. Koma mwana aliyense amatunga khalidwe pachitsime chomwe chili pafupi naye. Kwa mwana wa ku Namwera chitsime chimenecho ndi pakhomo ndi kumadrasa, monga momwe Sande sukulu ilili kwa mnzake wa ku Ekwendeni. Nkhani yagona pakuti madzi a pachitsimecho afike mpaka m'kalasi ya sayansi.

Ena anganene kuti mwana ali kale ndi katundu wambiri, ndipo madrasa ikamudyera nthawi adzalephera mayeso. Dandaulo ili ndi lomveka, makamaka kwa ana a Sitandade 8 ndi Fomu 4. Yankho lake si kutseka madrasa kapena kuonjezera maola, koma kuti makomiti a mzikiti ndi a sukulu azikhala pansi n'kugwirizana za nthawi. Mutu umodzi susenza denga.

Enanso amaopa kuti mwana akazama m'sayansi adzataya chipembedzo. Awa ndi mantha omwe aja a nthawi ya atsamunda atavala malaya ena. Mwana yemwe amataya chikhulupiriro msanga ndi uja adauzidwa kuti kufunsa ndi tchimo, n'kukapeza mayankho kwa anthu ena. Ahmed Zewail wa ku Egypt adapata mphotho ya Nobel pa sayansi mu 1999, ndipo Aziz Sancar wochokera ku Turkey adaipata mu 2015. Onsewa adakulira m'mabanja a Chisilamu.

Zoyenera kuchitika

Poyamba, madrasa siikufunika labotale kuti iyambe. Zomwe imaphunzitsa kale zili ndi sayansi m'kati mwake. Pophunzitsa za Ramadhan, mwalimu atha kufotokoza kuti mwezi umatenga masiku 29 kapena 30, chaka cha Chisilamu chili ndi masiku pafupifupi 354, n'chifukwa chake kusala kumafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Pophunzitsa zakaati, ana awerengere okha K25 pa K1 000 iliyonse. Pophunzitsa za chuma cha masiye, agawe okha theka, gawo limodzi mwa magawo anayi ndi limodzi mwa asanu ndi atatu.

Pophunzitsa za ukhondo wa pokonzekera swala, ana amve kuti madzi ooneka oyera atha kukhala ndi tizilombo. Mliri wa kolera womwe udayambira ku Machinga mu March 2022 udapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adakhudzidwa kwambiri. Mwalimu wodziwa chifukwa chomwe madzi amathiridwira mankhwala, ndiponso kuipa kosamba m'manja anthu khumi m'beseni limodzi pamaliro kapena pa sadaka, atha kupulumutsa miyoyo yambiri kuposa chikwangwani cha unduna. Mbiri ya Chisilamu imasimba kuti Khalifa Umar adabwerera panjira osalowa m'dziko la Syria atamva kuti kuli mliri. Kupewa si kuchepa chikhulupiriro.

Chachiwiri, mabungwe monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi aonetsetse kuti komwe amasulira mashehe ndi amwalimu kuzikhala maphunziro a zaumoyo, masamu ndi zachilengedwe. Nyumba zoulutsira mawu monga Radio Islam zizikhazika shehe ndi dokotala pa tebulo limodzi kuti anthu azimva awiriwa akuyankha funso limodzi.

Chachitatu, aphunzitsi a sayansi asaone nkhani ya khalidwe ngati ya anzawo a Bible Knowledge kapena Religious and Moral Education okha. Mwana wolemba zotsatira zomwe sadazione poyesa mulabotale wayamba kale ulendo wa kwa dokotala wonama. Mu 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa atabedwa, ndipo ana osalakwa adavutika kulembanso. Wopeza satifiketi ndi likasa ndi yemwe mawa adzagulitse mankhwala a boma pamsika kapena kusakaniza feteleza ndi mchenga. Kuongola mtengo m'poyamba.

Chachinayi, ochita kafukufuku m'midzi azinena zoona zonse m'chilankhulo chomwe anthu akumva, kaya ndi Chiyao kaya Chichewa. Malawi ndi dziko loyamba lomwe lidayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu April 2019, m'maboma 11 kuphatikizapo Mangochi, Machinga ndi Balaka. Ntchito zotere zimayenda pokhapokha makolo akamakhulupirira opereka katemerayo. Dziko lomwe mu 2017 lidaona anthu akuphedwa kaamba ka mphekesera za anamapopa likudziwa bwino zomwe zimachitika chikhulupiriro chikasowa. Nawo makolo ali ndi ufulu wofunsa asanasaine kapena kudinda chala, pajatu safunsa adadya phula.

Chachisanu chikukhudza atsikana. Mabanja ambiri a Chisilamu amafuna kuti mayi akamachira kapena akadwala aonedwe ndi mayi mnzake. Khumbo limeneli ndi labwino, koma namwino wamkazi sagwa kuchokera kumwamba. Amachokera m'banja lomwe lidakana kukwatiwitsa mwana ali Fomu 2 n'kumulimbikitsa pa Biology ndi masamu. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Bambo wotulutsa mwana wake wamkazi pasukulu asadzadandaule akadzapeza kuti m'chipinda cha amayi oyembekezera muli amuna okhaokha.

Udindo waukulu uli pakhomo. Kholo lomwe limafunsa mwana kuti wafika sura iti lizimufunsanso kuti wapeza malikisi angati pa sayansi, ndipo mafunso onse awiri azifunsidwa ndi nkhope imodzi. Kholo lomwelo, likakhala kuseri kwa sikelo pamsika, likumbukire kuti mwana akuona. Palibe mwalimu kapena mphunzitsi yemwe angafute zomwe mwana waphunzira poona bambo ake akubera mlimi makilogalamu asanu.

Zipatala za ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota zikufuna madokotala odziwa ntchito omwenso sangabe mankhwala. Minda ikufuna alangizi odziwa nthaka omwenso sanganamize mlimi. Mizikiti ikufuna mashehe odziwa buku omwenso angasiyanitse mphekesera ndi umboni. Anthu onsewa panopa ndi ana, ndipo ali pa njira ya pakati pa sukulu ndi madrasa. Akulu a mbali zonse ziwiri akapitiriza kusalankhulana, odzalipira ndi ana omwewo.